Masitampa odindidwa kawiri ndi umboni, tisamakolezere mbaula

Sitampa yoyamba kugwira ntchito m'dziko muno inali yobwereka. Mwini wake anali kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company, ndipo pakati pake panali chizindikiro cha kampaniyo. Chimene atsamunda anachita ndi kungodindapo zilembo zitatu zakuda, B.C.A., kuimira British Central Africa, basi n'kuyamba kugulitsa. Munali mu 1891, chaka chimene Harry Johnston anafika ku Chiromo kudzakhazikitsa boma lake. Lero masitampa amenewa, pamodzi ndi maenvulopu amene anamatidwapo, ali m'mabuku a anthu osonkhanitsa masitampa ku Britain, ku South Africa ndi kwina kutali, ndipo akamagulitsana amatchula mapaundi ndi madola. Kuno kwathu mwana wa Fomu 4 wa ku Liwonde akhoza kumaliza sukulu osamvapo kuti makalata okhala ndi sitampa yotere ankadutsa pa mtsinje womwe iye amawoloka popita kumsika. Mfundo yanga ndi yakuti sitampa yodindidwa kawiri ndi chikalata cha mbiri chimene chimaulula amene anali ndi mphamvu pa nthawiyo, kumene ndalama zinkachokera ndiponso mphamvu ya ndalamayo, choncho kuisonkhanitsa ndi ntchito imene Amalawi, makamaka a m'maboma ngati Machinga ndi Balaka kumene njira za mtokoma zinkadutsa, sitiyenera kuisiyira alendo okha.

Boma silidinda mawu atsopano pa sitampa yakale chifukwa chofuna kukongoletsa. Limatero zinthu zikathina: nthawi yachepa, masitampa atha, ndalama yagwa, kapena dziko lasintha mwini usiku umodzi. Angerezi ndiwo anali akatswiri pa zimenezi, mwina chifukwa masitampa awo, kuyambira pa yoyamba ija ya 1840, salembedwa dzina la dziko koma amangoonetsa mutu wa mfumu kapena mfumukazi. Atatsegula mapositi ofesi awoawo m'mayiko a eni, zinali zosavuta kutenga sitampa ya kwawo n'kuiuza kumene ikagwire ntchito. M'mizinda ya ufumu wa Ottoman, monga Constantinople, Smyrna ndi Beirut, anayamba mu 1885 kudinda mitengo ya ndalama ya kumeneko pa masitampa a Mfumukazi Victoria, pofuna kutseka mpata woti wina agule masitampa ndi ndalama yofooka n'kukawagulitsa ku London mopeza phindu. Ku Morocco anayamba mu 1898 ndi masitampa a ku Gibraltar, ndipo positi ofesi yawo ya ku Tangier inatsekedwa mu 1957 itakwanitsa zaka 100. Ku Zanzibar mu 1895 anadinda dzina la chilumbacho pa masitampa a ku India. M'madoko a ku China monga Shanghai, masitampa a ku Hong Kong anadindidwa dzina la China mu 1917. Funso limene masitampa onsewa amadzutsa ndi limodzi: zinatheka bwanji kuti dziko lina liyendetse positi ofesi yake pabwalo la mnzake? Yankho lake nthawi zambiri ndi mfuti, ngongole, kapena pangano limene mbali imodzi inasaina itapanikizidwa.

Ifenso tinali ndi positi ofesi yotere, ndipo ndi yomwe Amalawi ambiri sanaimvepo. Inali ku Chinde, m'dziko la Apwitikizi, pamene limodzi la makamwa a Zambezi limathira m'nyanja ya mchere. Mu 1889 Daniel Rankin anaonetsa kuti sitima zikhoza kulowera pakamwa pamenepa, ndipo pangano la Britain ndi Portugal la 1891 litatha, Angerezi anabwereka kachigawo ka malo pagombepo. Katundu wopita kuno ankatsitsidwa pamenepo osalipira msonkho wa Apwitikizi, n'kukwezedwa m'sitima zing'onozing'ono za mumtsinje, zambiri mwa izo za kampani ya African Lakes imene makolo athu ankangoitcha Mandala. M'kachigawo kameneka munali positi ofesi yogwiritsa ntchito masitampa a boma la ku Zomba, moti pali masitampa a dziko lino okhala ndi chidindo cha Chinde, malo amene sanakhalepo mbali ya Malawi. Kwa zaka pafupifupi 30 khomo la dziko lino linali pa mchenga umenewo. Madzi ankaguga gombelo chaka ndi chaka, namondwe wa mu 1922 anaphwanya nyumba ndi sitima zambiri, njanji yochokera ku Beira inafika pa Zambezi chaka chomwecho, ndipo mu 1923 Angerezi anachokapo. Aliyense amene lero amadandaula za mtengo wa feteleza ndi mafuta chifukwa choti tilibe doko lathulathu, amene amatsatira nkhani za Nacala, Beira ndi doko la ku Nsanje, akaona chidindo cha Chinde pa sitampa ya kuno adziwe kuti vutoli ndi lakale kuposa boma lililonse limene analivoterapo.

Kuchoka ku Chinde thumba la makalata linkakwera Zambezi, n'kulowa mu Shire mpaka ku Chiromo kapena kwa Katunga kufupi ndi Chikwawa. Kumtunda kwake kuli mathithi, choncho katundu ankasenzedwa pamutu kudzera ku Blantyre mpaka ku Matope, kumene sitima zina zinkayambira ulendo wodutsa pa Liwonde ndi nyanja ya Malombe kukafika ku Fort Johnston, komwe lero ndi Mangochi. Makalata ambiri ankayenda ndi miyendo ya anthu. Mu 1893 kunabwera Ernest Harrhy kuchokera ku Cape Town kudzalongosola za mtokoma, ndipo anakonza zoti amtengatenga azipatsirana matumba m'njira, wina akatopa wina n'kulandira, usana ndi usiku, atanyamula mfuti yodzitetezera ku zilombo. Liwonde inali pamphambano ya zonsezi, pamene njira ya pamtunda yochokera ku Zomba imakumana ndi mtsinje. N'chifukwa chake Johnston sanafune kugawana malowa ndi wina aliyense: anathira nkhondo Mfumu Liwonde mu 1893, ndipo mu 1895 asilikali a boma lake anagonjetsa Kawinga ku phiri la Chikala. Mabuku a atsamunda amati nkhondozi zinali zothetsa malonda a akapolo, ndipo malondawo analipodi, koma zinalinso zotsegula njira ya sitima, ya msonkho ndi ya makalata. Envulopu ya m'zaka zimenezo yokhala ndi sitampa ya B.C.A. ndi chidindo cha Liwonde inadutsa m'manja mwa munthu wakuda amene dzina lake silinalembedwe paliponse, ndipo envulopuyo ndi chimodzi mwa zinthu zochepa zotsala zimene iye anazigwira.

Tikayang'ana mitengo yolembedwa pa masitampa oyambawo timaona china. Inayambira pa kobiri limodzi n'kukafika pa mapaundi 10, ndipo masitampa a boma lenilenilo atatuluka mu 1895, panali ina ya mapaundi 25. Ndi kalata yanji imene ikanafuna mapaundi 25 pa nthawi imene wolima khofi m'minda ya azungu ankalandira mashilingi owerengeka pamwezi? Masitampa odulawa ankamatidwa pa zikalata za malo, ziphaso ndi malisiti a boma. Sitampa inali chida chotolera ndalama. Mu 1893 sitampa ya mashilingi 4 inadindidwa mtengo watsopano wa mashilingi 3, ndipo mashilingi 3 ndiwo anakhala msonkho wa nyumba umene unathamangitsa amuna ambiri kukafuna ntchito kwa azungu. Ngakhale chizindikiro cha kampani ya Rhodes chimene chili pansi pa zilembo zitatu zija chikunena zoona zake: m'zaka zoyambazo kampaniyo inkapereka mapaundi 10,000 pachaka kuyendetsera boma la Johnston. Dziko linali pansi pa mfumukazi ya ku Britain, koma wogula mfuti ndi kulipira asilikali anali wamalonda wa migodi. Mphunzitsi wa mbiri angathe kuthera phunziro lonse akufotokoza zimenezi pa bolodi, pamene sitampa imodzi yoikidwa m'dzanja la mwana imazionetsa zonse pamodzi.

Zitsanzo zina ndidutsamo mofulumira. Mu 1898 masitampa a kobiri limodzi atatha, boma ku Zomba linatenga chidindo chodindira macheke n'kupanga nacho masitampa ogwira ntchito m'dziko momwemuno, ndipo oyambirira anasainidwa kumbuyo ndi mkulu wa positi, J. T. Gosling, kuopa achinyengo. Mu 1916, pa nkhondo imene makolo athu anaitcha ya Chiwaya, masitampa a Nyasaland anadindidwa N.F. kuti asilikali a General Edward Northey azigwiritsa ntchito m'dziko la Ajeremani lomwe lero ndi Tanzania. Akatswiri a masitampa amafotokoza kuti zilembo zinayenera kukhala zitatu, N.F.F., koma F mmodzi anatayika m'telegalamu. Alendo amaseka nkhani ya F wosowayo, pamene kwa ife zilembo ziwirizo zikukumbutsa amuna zikwizikwi amene anagwidwa m'midzi kukasenza katundu wa nkhondo ya eni, ambiri osabwerako. Pa 1 Novembala 1963, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chili pafupi kutha, dziko lino linatenganso ulamuliro wa positi lisanakonze masitampa atsopano, ndiye linangotenga masitampa a msonkho n'kudindapo mawu oti tsopano ndi a makalata. Ndipo mu Febuluwale 1971, ogwira ntchito za positi ku Britain atanyanyala ntchito kwa masabata 7, Malawi anadinda 30t pa sitampa ya mashilingi 3 kuti makalata opita ku Britain akafikitsidwe mwa njira yapadera. Pa kapepala kameneko shilingi ikutsanzika, tambala akulowa, pakuti mwezi womwewo ndi umene kwacha inalowa m'malo mwa paundi.

Wina angaganize kuti zonsezi zinatha ndi atsamunda. Ayi ndithu. M'zaka zaposachedwapa Malawi Posts Corporation yakhala ikutulutsa m'nkhokwe masitampa akale a mbalame, agulugufe ndi zina, n'kuphimba mtengo wakale ndi inki yakuda, n'kudindapo mitengo ngati K600 ndi K900. Palibe cholakwika pamenepa, ndipo ndi nzeru kugwiritsa ntchito zomwe zilipo m'malo moitanitsa zatsopano ndi ndalama zakunja zomwe tilibe. Koma tiyeni tione chimene sitampa yotereyi ikunena. Pansi pa inkiyo pali mtengo umene tsiku lina unali wokwanira kutumizira kalata, pamwamba pali mtengo watsopano, ndipo pakati pa manambala otere pamakhala kugwa kwa kwacha, monga kwa mu 2012, kwa 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi kwa 44 peresenti mu Novembala 2023. Nduna za zachuma zimabwera n'kupita, iliyonse ndi kafotokozedwe kake, koma sitampa ilibe mneneri woikonzera mawu. Pachifukwa ichi bungwe la positi liyenera kuona kudinda kotere ngati nkhani ya mbiri ya dziko: lizilemba ndi kulengeza poyera tsiku limene sitampa iliyonse yadindidwanso, chiwerengero chake ndi amene anaidinda, ndipo pepala limodzi lathunthu la mtundu uliwonse lizipita ku National Archives ku Zomba. Popanda kaundula wotere, mwana wa zaka 50 zikubwerazi adzayenera kufunsa wogulitsa masitampa wa ku Ulaya kuti amuuze zimene boma lake linadinda, monga momwe ife tikuchitira ndi masitampa a 1891.

Chofunika kwambiri, komanso chimene chimawonongeka msanga, ndi envulopu. Sitampa yomatulidwa imangotiuza za boma limene linaidinda, pamene yosiyidwa pa envulopu yake imatiuza tsiku, malo, njira ndi anthu. Chidindo chozungulira chija chili ndi dzina la positi ofesi ndi deti, ndipo kumbuyo nthawi zambiri kumakhala zidindo za malo amene kalatayo inagona m'njira. Kuchokera pa zimenezi munthu akhoza kuwerengera masiku amene kalata inkatenga kuchoka ku Liwonde kufika ku London, n'kuona mmene masikuwo anasinthira madzi a Shire ataphwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 mpaka sitima kulephera kuyenda, kenako njanji itafika ku Balaka pa ulendo wake wa ku Salima mu 1935, ndiponso njanji ya ku Nacala itatsegulidwa mu 1970 kuchokera pa Nkaya kudzera pa Liwonde mpaka ku Nayuchi. Kukula kwa Balaka, tauni imene inadzakhala boma palokha mu 1998 itapatulidwa ku Machinga, kunalembedwa m'zidindo zimenezi. Mayina amene anafafanizidwa pa mapu akali moyo pa maenvulopu: Fort Johnston, Port Herald, ndi Kasupe, dzina lakale la boma la Machinga, limene achinyamata ambiri a kumeneko salidziwa n'komwe. Tisaiwalenso kuti mu 1919 moto unapsereza maofesi akuluakulu a boma ku Zomba pamodzi ndi zikalata zambiri za zaka zoyambirira. Zaka za nkhondo ya Liwonde ndi Kawinga zili ndi mipata yambiri m'nkhokwe za boma, ndipo kapepala kalikonse kokhala ndi deti ndi dzina la malo kamatseka mpata wina.

Maenvulopu a 1890 si ambiri m'midzi mwathu, pakuti olemberana makalata nthawi imeneyo anali makamaka azungu, amishoni ndi amwenye. Koma a zaka za pakati pa 1940 ndi 1990 alipo, ndipo ambiri ali ku Machinga ndi ku Balaka komwe. M'masutikesi achitsulo pansi pa bedi, m'kati mwa Baibulo kapena m'thumba losungiramo mabuku a ku madrasa, muli makalata ochokera ku Joni, ku Halale, ku Bulawayo ndi ku migodi ya ku Zambia, olembedwa ndi amuna amene anapita ndi Wenela kapena paokha. Pa envulopu pali keyala ya sukulu ya pulayimale, ya mishoni ngati Utale, kapena ya sitolo ya mwenye, chifukwa mudzi wonse unkalandirira makalata pa bokosi limodzi, ndipo mphunzitsi wamkulu ankaitana mayina pa mzere wa m'mawa. Ena ali ndi sitampa ya chitaganya, ena ya Rhodesia ya Ian Smith, ena ya South Africa ya tsankho yolembedwa m'zilankhulo ziwiri. Mwini sutikesi akamwalira, achibale amagawana zovala ndi ziwiya, mapepala n'kupita kokolezera mbaula, kokulungira mandasi kapena kopichirira fodya, ndipo otsala chiswe chimamaliza. Palibe amene amachita zimenezi mwa nkhanza. Sanauzidwepo kuti mapepalawo ali ndi ntchito.

Pali otsutsa, ndipo ena mwa iwo ali ndi mfundo zomveka. Oyamba amati kusunga masitampa a mitu ya mafumu a ku Britain ndi kulira utsamunda, ndipo n'zoona kuti ena mwa osonkhanitsa a kunja amayang'ana zinthuzi ndi mtima wolakalaka masiku amene mapu a dziko lapansi anali ofiira. Masitampa a 1895 ali ndi chithunzi cha anthu akuda awiri atagwira zida zokumbira, pamodzi ndi mawu achingerezi otanthauza kuwala mumdima, ndipo mdima umene ankanenawo ndi makolo athu. Koma chipongwe chimenechi ndiye chifukwa chenicheni choisungira. Woimba mlandu sataya mpeni umene wapezeka pamalo a ngozi chifukwa choti ndi wonyansa. Tikawasiya masitampawa m'manja mwa amene amawakonda chifukwa cha ufumu wakale, nkhani imene idzalembedwe pansi pa sitampa ya N.F. idzakhala ya General Northey ndi F wake wosowa, ndipo wamtengatenga wa kwa Kawinga sadzatchulidwa. Tiyenera kuvomereza kuti magulu ngati Rhodesian Study Circle a ku Britain agwira ntchito yaikulu yolemba mndandanda wa zidindo ndi mapositi ofesi a dziko lino, ndipo popanda iwo zambiri zikanatayika. Chimene sangathe ndi kupita kwa gogo wa ku Ntaja kukafunsa kuti bokosi la makalata linali la yani, ankawerengera anthu makalata ndani, ndipo ndalama ya ku Joni ikafika ankaitenga bwanji. Mafunso amenewo amafuna Chiyao ndi Chichewa, ndiponso amafuna kufulumira, poti oyankha akutha.

Achiwiri amati m'maboma amene chilala ndi madzi osefukira zimasinthana chaka ndi chaka, kulankhula za masitampa ndi mwano kwa anthu anjala. Mfundoyi ikanakhala yolimba chikhala kuti ntchitoyi ikulanda ndalama ya chimanga. Koma kusunga envulopu sikufuna bajeti. Kumafuna bokosi louma, pepala loyera lolekanitsira, ndi foni yojambulira. Anthu omwewo amene amati osauka alibe nthawi ya mbiri saona chachilendo banja losauka likasunga chithunzi cha agogo kapena khasu lawo. Pafupi ndi mfundo imeneyi pali ina yakuti positi inafa, anthu ali pa WhatsApp, ndipo ndalama ya ku Joni imafika pa Airtel Money ndi Mpamba. Zimenezi n'zoona, ndipo zikulimbikitsa mbali yanga. Makalata akamachepa, envulopu yodindidwa pa Balaka kapena pa Ntaja masiku ano, yokhala ndi sitampa yodindidwa kawiri, idzakhala yosowa kuposa ya m'ma 1970 pamene aliyense ankalemba. Uthenga wa pa foni umatha foni ikagwera m'madzi kapena ikabedwa pa depoti. Mbadwo uno ndi umene ukulankhulana kwambiri kuposa mibadwo yonse ya m'mbuyo, komanso ndi umene ungasiye zolembedwa zochepa kwambiri.

Otsutsa achitatu ndi amene ndimawamvera kwambiri, chifukwa akuchenjeza za ngozi yeniyeni. Amati mukangouza anthu kuti mapepala akale ndi a mtengo, mwaitana akamberembere. Tonse tinamvapo mphekesera za simbi zamakala zakale ndi makobiri obowola zimene amati zimagulidwa mamiliyoni, ndipo tikudziwa kuti amene amalemera ndi wofalitsa mphekeserayo. Choncho tinene mosabisa: masitampa ambiri akale sagulidwa ndalama yoti munthu n'kumangira nyumba. Anadindidwa ambirimbiri, ndipo mabuku a mitengo ngati a Stanley Gibbons amaika ochuluka a iwo pa mtengo wotsika zedi. Odula ndi ochepa, monga olakwika podinda, ndipo amenewo ndi omwenso achinyengo amapanga. Palibe sitampa yosavuta kunamizira ngati yodindidwa kawiri, pakuti wakuba amangofuna sitampa wamba ya kampani ya Rhodes ndi zilembo zitatu. Ena amafufuta inki ya cholembera pa sitampa imene inagwira ntchito pa lisiti la msonkho, n'kuidinda chidindo chabodza cha positi kuti ikwere mtengo. Ngakhale maboma ndi makampani anachitapo zofanana ndi zimenezi. Tsidya la Nayuchi, m'chigawo cha Niassa, kampani imene inkalamulira kumeneko mpaka 1929 inayamba mu 1898 ndi kudinda NYASSA pa masitampa a Mozambique, kenako n'kumatulutsa masitampa okongola a nyamalikiti ndi ngamila osindikizidwa ku London, makamaka pofuna ndalama za osonkhanitsa a ku Ulaya, ngakhale kuti ngamila ku Niassa n'zosadziwika. Koma taonani kumene chenjezoli likutifikitsa. Envulopu yathunthu, yokhala ndi keyala, zidindo za m'njira ndi banja lodziwa mwini wake, ndi yovuta kunamizira kuposa sitampa yoyenda yokha. Wosunga chifukwa cha mbiri ndi wotetezeka kuposa wosunga chifukwa cha phindu, ndipo wachinyengo alibe chomugulitsa.

Pali nkhawa ina imene sitchulidwa kawirikawiri koma ndi yoyenera ulemu. Makalata a m'banja ali ndi zinsinsi: ngongole, mitala, ana a kunja, madandaulo a mkazi wosiyidwa ndi mtchona. Palibe amene ayenera kukakamizidwa kuonetsa zimenezi. Kalata ikhoza kutsala m'banja, envulopu yokha n'kujambulidwa, ndipo ngati banja silifuna kuti dzina lioneke, likhoza kuphimbidwa pa chithunzi. Chofunika ndi chakuti asazilekanitse mpaka kalekale, asadule ngodya ya sitampa ndi lumo, asamate ndi selotepi, ndipo asapite nayo ku sitolo ya zosindikiza kukaikutira ndi pulasitiki ya moto monga timachitira ndi masatifiketi, chifukwa pepala lokutidwa motero silibwereranso.

Poyambira alipo kale. Pa Namaka, m'mbali mwa msewu wa Blantyre kupita ku Zomba, pali kanyumba kamene amtengatenga ankapumulirapo ndi kupatsirana matumba, ndipo kanasandutsidwa malo osungirako mbiri ya mtokoma otchedwa Mtengatenga. Ku Mandala House mu Blantyre, Society of Malawi imasunga mabuku ndi zithunzi zakale. Chikusowa ndi dzanja lofika kumpoto kwa Zomba, kumene njira ya makalata inkawoloka Shire. Liwonde imalandira alendo ambiri opita kukaona njovu ndi mvuu, ndipo khoma limodzi la positi ofesi ya pamenepo likhoza kunyamula zithunzi zazikulu za masitampa a B.C.A., chidindo cha Chinde, N.F., ya 1963 ndi ya 1971, ndi mawu ofotokoza m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chingerezi. Zithunzi n'zokwanira, zenizeni zikhale kosungika. Makalabu a mbiri m'masekondale a ku Balaka ndi Machinga akhoza kupatsidwa ntchito ya teremu imodzi: wophunzira aliyense apemphe kwawo envulopu yakale imodzi, aijambule mbali zonse ziwiri, alembe deti, malo a chidindo ndi zimene akulu akukumbuka za wotumiza, kenako aibweze kwa eni ake. Zithunzizo zisonkhanitsidwe ku ofesi ya zamaphunziro ya boma, kope lina lipite ku National Archives. Ndipo kalabu iliyonse igule masitampa odindidwa kawiri amene ali pa kauntala lero, idzitumizire makalata kuchokera ku Ntaja, ku Ulongwe, ku Liwonde ndi ku Balaka, n'kupempha wa pa kauntala kuti adinde mooneka bwino, deti ndi dzina la malo ziwerengeke.